Makadi Asanu a Khwangwala

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani, panali Gologolo wamkazi dzina lake Ndaziona. Tulo tinali titamuthawa, ndipo chimene chinatithamangitsa chinali mayeso a mwana wake.

Masiku amenewo mfumu Mkango inali italamula kuti mwana wa nyama iliyonse asalowe sukulu yaikulu asanakhoze mayeso a Chingerezi. Akhoze masamu, akhoze zaulimi, akhoze zonse, koma akagwa pa Chingerezi ndiye kuti wagwa ponse. Mwana ankayesedwa katatu. Akalephera kachitatu ankamufufuta dzina n'kumuuza kuti azipita kwawo.

Ndaziona ankalidziwa lamuloli chifukwa linamudya iye yemwe ali mtsikana. Anamufufuta, anakwatiwa mchira usanakhwime, anabala mwana mmodzi dzina lake Sungeni, kenako mwamuna wake anatengedwa ndi mphamba. Anatsala awiriwiri kudenga la nyumba ya anthu ena amene wailesi yawo inkalankhula Chingerezi tsiku lonse. Sungeni anakula khutu lili pa wailesiyo. Ikanena zoseketsa ankaseka, ikanena zokwiyitsa ankakwiya, ndipo ankawamasulira amake nkhani zonse uku akusenda mtedza. Komabe mtima wa Ndaziona sunakhale pansi, chifukwa woyesa anali yemwe uja amene anamuyesa iye: a Khwangwala, Woyesa Wamkulu, amene nthawi imeneyo anali akuda bii kuyambira kumlomo mpaka kuzikhadabo.

Tsiku la mayeso oyamba makolo anaima kunja kwa mpanda. Mkati munamveka nyimbo. Inali ya mizere isanu, yoyamba mokweza n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo pomaliza woimbayo ankaponda pansi kamodzi. Anayamba ndi Dyeratu, mwana wa a Nguluwe, wapampando wa komiti ya sukulu. Anatsatira ana a Njati ndi ana a Mbidzi, aliyense nyimbo yomweyo, kuponda komweko. Itakwana nthawi ya Sungeni nyimbo sinamveke. Anamveka mawu ake okha, odekha, ngati akucheza ndi munthu.

Anatuluka ndi tsamba lothethedwa malo asanu.

"Unaiwala?" anafunsa Ndaziona.

"Sindinaiwale kanthu, amayi. Anafunsa, ine ndinayankha."

"Nanga izi?"

"Kawafunseni eni ake."

Masana Ndaziona anapita kunyumba kwa a Khwangwala. Pakhomo anapeza madengu a mtedza ndi mapira atandandalika, ndipo pakhonde ana a akuluakulu ankabwereza nyimbo ija.

"Odi. Ndine mayi wa Sungeni. Ndabwera kudzamva pamene mwana wanga walakwa."

"Mayi, pano ndi pakhomo," anatero a Khwangwala. "Za sukulu timakamba kusukulu."

Mmawa Ndaziona analowa mumpanda wa sukulu, anagwada, nayamba: "Bwana, dzulo munati..."

Sanamalize. A Khwangwala anatambasula phiko kumuloza, ndipo a Kanyimbi, mlonda wa pachipata, anabwera ndi chigoba.

Pasukulupo panali mwambo. Panali chigoba cha nkhono chopakidwa njereza, chomangidwa pa chingwe. Aliyense wogwidwa akulankhula Chichewa mkati mwa mpanda ankavekedwa chigobacho m'khosi, ndipo sankachivula mpaka atagwira wina wolankhula n'kumuveka. Choncho ana ankasakana okhaokha. Wovala chigoba ankatsina mnzake kuti alire m'chinenero cha amake. Amene munavalapo mukudziwa kulemera kwake.

A Kanyimbi anamuveka Ndaziona pamaso pa ana onse, n'kumukankhira kuchipata.

"A Kanyimbi," anatero Ndaziona atatuluka, "kunyumba akuti za sukulu kusukulu. Kusukulu akuti Chichewa ayi. Ndiye ndikadandaule kuti?"

"Dandaulani m'Chingerezi, mayi."

"Chomwe anandifufutira chija?"

"Ine ndine mlonda chabe. Koma musavutike. Lowani mukaime kuseri kwa kalasi ya tiana. Timaiwalaiwala timeneto. Mugwira kamodzi, muvula."

Ali chilankhulire, kamwana ka Mbewa kanathamangira kuchipata kakulira m'Chichewa kuti mavu akaluma. Kataona chigoba kanagwira pakamwa, n'kuweramitsa mutu kudikira chingwe.

"Pita ukapake dothi," anatero Ndaziona. "Ine sindinamve kanthu."

"Ndiye tibwezereni chigobacho," anatero a Kanyimbi.

"Mwambo ukuti chiyani? Ndichivule ndikagwira wolankhula. Sindinamugwire."

Anapita nacho kwawo. Anayenda nacho kumjigo, kumsika, kumaliro. Anzake ankamuseka, iye osachivula.

Mayeso achiwiri atafika, Ndaziona sanaime ndi makolo anzake. Anakulunga chigoba m'kansalu kuti chisalire, anakwera kudenga la kalasi, n'kugona chafufumimba pa phaso, diso lili pansi.

Anaona izi. A Khwangwala anali ndi kachikwama ka mlaza, ndipo mkati munali makadi asanu a mafunso. M'zikhadabo anali ndi tsamba la mayankho asanu. Ankatulutsa khadi, kuliwerenga ngati akutafuna miyala, n'kugwetsa maso pa tsamba lija. Mwana sankamuyang'ana. Dyeratu anayamba mzere wachiwiri funso lisanathe, a Khwangwala anachonga. Pa funso lachitatu a Khwangwala anatsamwa, mawu osatuluka n'komwe, Dyeratu anaimbabe, iwo anachonga. Nyimbo inatsika mpaka pansi, phazi linaponda, tsamba linadzaza. Sungeni atayamba kulankhula, chikhadabo chinayendayenda pa tsamba kufunafuna mawu ake, osawapeza, n'kuthetha mwana asanamalize. Kasanu konse.

Atafika kunyumba Ndaziona anamukhazika pansi mwana wake.

"Ndiuze. Khadi loyamba limafunsa chiyani?"

"Limafunsa kuti uli bwanji."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ndili ndi mantha."

"Nyimbo imati chiyani?"

"Imati ndili bwino, zikomo aphunzitsi."

"Lachiwiri?"

"Wadya chiyani mmawa uno. Ndinati mtedza utatu, umodzi wowola. Nyimbo imati buledi ndi tiyi wamkaka."

"Dyeratu adye buledi? Mwana woti ndimamuona akufukula chinangwa cha eni ndi mphuno?"

"Lachitatu limafunsa kuti wabwera pa chiyani. Nyimbo imati galimoto. Lachinayi limafunsa za abambo. Lachisanu, udzakhala ndani. Onse adzakhala madokotala."

Ndaziona anakukuta mano. Mafunso ake anali omwewo amene anamugwetsa iye. Zaka zonsezi ankadziyesa wopanda mutu.

"Chabwino," anatero. "Nyimboyo waimva kawiri. Kwatsala kamodzi. Imba, upite."

Sungeni anaimirira, manja kumbuyo. Anaimba mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi anaima.

"Pitiriza."

"Umati abambo anga apita ku ofesi."

"Ndi nyimbo chabe."

"Ndinaona ndi maso anga, amayi. Mphamba inawanyamula ali ndi mtedza wanga m'kamwa."

Anayesanso kawiri, ndipo kawiri konse anathera pomwepo, misozi ili chuchuchu. Ndaziona anamukokera pachifuwa, chigoba chili pakati pawo.

"Basi. Sudzaimbanso. Koma ndiuze, iwe amene umachimva: a Khwangwala amachimva Chingerezicho?"

"Ndi Woyesa Wamkulu, amayi."

"Sindinafunse udindo. Ndiphunzitse mawu. Ndikufuna kunena kuti mutu wanu ndi chipanda chobooka."

"Atipha."

"Ndiphunzitse."

Masiku atatu Ndaziona anabwereza mawuwo posinja, potunga, posenda. Tsiku lachinayi analowa mumpanda nthawi imene ana onse anali pamzere. Anagwada pamaso pa a Khwangwala, anaomba m'manja mwaulemu, anamwetulira, n'kuwauza m'Chingerezi chomveka bwino kuti mutu wawo unali chipanda chobooka. Sungeni pamzere anatseka maso.

A Khwangwala anatukula chifuwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatulutsa liwu limodzi limene ankayamikira nalo ana okhoza, n'kukodola sukulu yonse kuti imuombere m'manja mayi amene wayamba kuphunzira. Ana anaomba. A Kanyimbi anaomba koposa onse.

Ndaziona anatuluka mtima ukuwira. Kuseka kunamubwerera, koma mkwiyo unakupondereza. Chipanda chimenechi ndi chimene chinamutsekera khomo la sukulu, ndipo chinali pafupi kutsekeranso mwana wake. Kukauza anthu sikukanathandiza. Ndani akanamvera Gologolo wofufutidwa, wovala chigoba? Panafunika wina womva Chingerezi chenicheni, ndipo wotero analipo mmodzi: mayi Namzeze, woyendera sukulu, amene ankabwera ndi mvula yoyamba kuchokera kutsidya kwa nyanja zazikulu. Vuto linali lakuti chaka chilichonse ankamulandira ndi magule, kumudyetsa mpaka kukhuta, kumuonetsa munda wa sukulu, n'kumuperekeza mayeso asanachitike.

Ndaziona anapita kumtondo kumene ankasinja akazi a Nguluwe.

"Amake Sungeni, talimva belu lanu muli kutali," anatero amake Dyeratu. "Timayesa mbuzi yasochera."

"Ndi zimene zimatipeza ife osaphunzira, amake Dyeratu. Koma chondiwawa ine ndi china."

"Chiyani?"

"Mlendo wamkulu akubwera, ndipo apitanso osamumva Dyeratu. Mwana woti akatsegula pakamwa umayesa wailesi."

Musi unaima m'mwamba.

"Akanamumva, mwina zonena za anthu zikanatha," anapitiriza Ndaziona.

"Zonena zanji?"

"Ayi, si kanthu. Ena amangoti amakhoza chifukwa bambo ake ndi wapampando. Akuti atafunsidwa ndi mwini chinenero angaume pakamwa."

"Anena ndani? Akazi a Njati?"

"Ine sindinatchule munthu. Ndibwerekeni sefa, ndizipita."

Dzuwa lisanalowe a Nguluwe anali ataima pakhomo pa a Khwangwala, mano ali panja.

"Mayeso achitatu achitike tsiku la mlendo. Makolo alowe. Mafunso awerenge mlendoyo."

"Apampando, mwambo wake wa mayeso..."

"Mukuopa chiyani? Makadi si omwe aja?"

A Khwangwala anaganiza. Makadi ndi omwewo, ndondomeko yake yomweyo, nyimbo yomweyo. Awerenge ndani, awerenge ndani, mzere woyamba ukumana ndi khadi loyamba.

"Omwe aja, apampando. Zichitike."

Pasukulupo panalinso mwambo wina: kukamabwera mlendo, osesa ndi kuzira anali amayi a ana olephera. Tsikulo Ndaziona analawirira ndi tsache. Chigoba anali atachipaka njereza yatsopano yosakaniza ndi ulimbo, ndipo pachifuwa pake anayalapo tsamba la nthochi kuti chisamumate. Anasesa pabwalo, anasesa m'kalasi, analowa mu ofesi. A Khwangwala anali momwemo akupesa nthenga, ndipo sanatembenuke. Wosesa ndani amamuona? Fungo la ndiwo za mlendo litawapeza, anatuluka kukalawa.

Kachikwama ka mlaza kanali pa tebulo. Ndaziona sankatha kuwerenga makadiwo, ndipo sanafunike kutero. Anawatulutsa, lapamwamba analiika pakati, lapansi analikweza, anawasakaniza mpaka panalibe limene linatsala pamalo pake. Anawabwezera, anamanga kachikwama momwe kanalili, n'kutola tsache. Posesa ankang'ung'udza nyimbo ya ana ija, koma iye ankaiyambira pansi kukwera nayo m'mwamba.

Makolo analowa, a Kanyimbi atawachenjeza pachipata kuti pakamwa patsekedwe. Mayi Namzeze anakhala kutsogolo ndi kachikwama. A Khwangwala anakhala pambali ndi tsamba lawo la mayankho. Chingerezi cha mlendoyo chinali chofewa, chothamanga, chosafanana n'komwe ndi miyala imene iwo ankatafuna, ndipo sanazindikire funso ndi limodzi lomwe. Sanadandaule. Iwo ankadikira nyimbo.

Dyeratu anaimirira, manja kumbuyo. Makolo anamva nyimbo yokoma, yoyamba mokweza, yotsika bwino. Ife tiyeni timve zimene anamva mlendo.

Anafunsa kuti wabwera pa chiyani. Dyeratu anaimba kuti ali bwino, zikomo aphunzitsi. A Khwangwala anachonga.

Anafunsa kuti akadzakula adzakhala ndani. Anaimba kuti buledi ndi tiyi wamkaka. Anachonga.

Mayi Namzeze anayang'ana khadi, anayang'ana mwana, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti wadya chiyani mmawa. Dyeratu anaimba kuti galimoto. Anachonga.

Pa funso lakuti ali bwanji, abambo ake anapita ku ofesi. Pa funso lakuti abambo ake ali kuti, anayankha kuti dokotala, n'kuponda pansi. Amake Dyeratu analephera kudzigwira, analulutira, kenako anayang'ana akazi a Njati ndi diso la m'mbali.

Ana a Njati anadya galimoto. Ana a Mbidzi anadya galimoto. Masamba onse anadzaza ndi zochonga.

Anamaliza ndi Sungeni. Mwanayo anayang'ana kumbuyo kumene amake anaima ndi tsache. Ndaziona anangokweza chibwano.

Wabwera pa chiyani? Anati wabwera chodumpha m'mitengo, chifukwa pansi pali agalu. A Khwangwala anathetha. Adzakhala ndani? Anati akufuna kudzalankhula mu wailesi, kuti amake azidzamumva ali kudenga. Anathetha. Wadya chiyani? Anati sanadye, chakudya chinakana kutsika. Ali bwanji? Anati ali ndi mantha, chifukwa akalephera lero amufufuta. Anathetha, anathetha.

Khadi lomaliza linafunsa za abambo ake. Sungeni ananena kuti abambo ake anatengedwa ndi mphamba iye akuona, ali ndi mtedza wake m'kamwa, ndipo amene amamulera ndi mayi uyo wavala chigobayo.

Mayi Namzeze anaika khadi pansi. Anamufunsa zina zimene sizinali pa khadi lililonse, Sungeni anayankha. Sungeni anafunsanso zake, mlendo anayankha. Anacheza mpaka pena anaseka onse awiri. A Khwangwala malo othetha anawathera, anayamba kuthetha m'mphepete mwa tsamba.

Tsopano mlendo anatenga tsamba la Dyeratu ndi la Sungeni, anawaika pamaso pa Woyesa Wamkulu, n'kufunsa m'Chingerezi chifukwa chimene ili lachongedwa ndipo ili lathethedwa. A Khwangwala anatukula chifuwa, anagwedeza mutu, n'kutulutsa liwu lawo loyamikira lija. Mlendo anafunsanso, mawu amodziamodzi ngati akulankhula ndi khanda. Anagwedezanso mutu. Kachitatu mlendo anawayandikira n'kufunsa ngati akumva chilichonse chimene iye akunena, ndipo anadikira. Thukuta linatsika pamlomo pa a Khwangwala. Anawerama n'kunong'oneza m'Chichewa, koma aliyense anamva:

"Mayi, izi tikakambirane kuseri. Pano pali ana."

Ndaziona anali atafika kale pambali pawo.

"A Kanyimbi, mwamva?"

A Kanyimbi anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako anavomera ndi mutu.

"Miyezi isanu ndakhala ndikumufuna wolankhula," anatero Ndaziona. "Ndamugwira."

Anavula chigoba n'kuchikoleka m'khosi mwa a Khwangwala. Ulimbo unagwira nthenga nthawi yomweyo. Iwo anaponya maso uku ndi uku kufuna woti amuveke, koma aliyense anali atatseka pakamwa, ngakhale tiana.

"Makolo, ndimvereni," anatero mayi Namzeze m'Chichewa.

A Khwangwala analumpha, phiko likuloza mlendo.

"Khalani pansi, bambo. Chigobacho chathera pamenepo. Kuyambira lero sichipitanso pakhosi la wina. Sungeni, awa sanamve zimene zanenedwa muno. Auze."

Sungeni anawauza, funso ndi yankho lake, funso ndi yankho lake. Atafika pa galimoto yodyedwa, kalasi inaphulika ndi kuseka. Akazi a Njati anaseka mpaka anakumbukira kuti ana awo adyanso yomweyo. Dyeratu anabisa nkhope, akulira.

"Mukuseka chiyani?" anatero Ndaziona, ndipo kuseka kunaduka. "Mwanayo walakwa chiyani? Anamuuza kuti imba, anaimba. Zaka zisanu ndi chimodzi amake akusenza madengu kupita pakhomo paja kuti mwana aphunzire kudya galimoto. Wanga anamuthetha chifukwa cholankhula, wawo anamuchonga kuti asadzalankhule. Onse anaberedwa."

Amake Dyeratu anamukokera mwana wawo m'khwapa.

Mayi Namzeze anang'amba tsamba la Sungeni, anatenga latsopano, anachonga kasanu, n'kulemba dzina lawo pansi. Analipereka m'manja mwa Ndaziona.

"Mawa apite nalo kusukulu yaikulu. Enawa aphunzitsidwe kuyambira poyamba, ndipo ndidzawayesa ndekha."

Ndaziona analigwira tsambalo ndi manja awiri. Sankatha kuliwerenga, koma zochonga ankazidziwa.

"Zikomo, mayi. Nanga ife amene tinafufutidwa ndi makadi omwewa?"

Mlendo anayang'ana pansi. "Zimenezo n'zakale, mayi."

"Kwa inu."

Masana omwewo komiti inakhala pansi. Makolo kunja ankadikira kumva kuti a Khwangwala achotsedwa. Koma a Khwangwala ankadziwa dengu lililonse ndi mwini wake, ndipo a Nguluwe sanafune kuti madenguwo atchulidwe kwa mfumu Mkango. Atatuluka analengeza kuti, polemekeza zaka zambiri zimene agwira ntchito, a Khwangwala asamutsidwira kusukulu ya kutsidya la mtsinje, kumene akakhale Woyesa Wamkulu wa Chigawo.

"Awakweza?" anafunsa Ndaziona.

"Tawasamutsa," anatero a Nguluwe. "Mwana wanu wakhoza, mayi. Mukufunanso chiyani?"

A Khwangwala anazula chigoba n'kuchiponya kudzala, koma njereza inali italowa m'nthenga. Anatsuka ndi phulusa, anakwecha ndi mchenga, mzere woyera pakhosi ndi pachifuwa osachoka. Mpaka lero sunachoke. Asananyamuke anali atayamba kale kuuza a Kanyimbi kuti ndi kolala ya ophunzira kwambiri, yowatumizira kuchokera kunja. Ananyamula kachikwama kawo ka mlaza n'kuuluka.

Tulo tinamuthawanso Ndaziona. Tsamba la mwana wake linali pansi pa mutu wake, koma iye ankaganiza za mayi wina kutsidyako amene adzaima kunja kwa mpanda, kumva nyimbo ya mizere isanu, n'kumayesa kuti mwana wake ndiye wopanda mutu.

Mmawa anapesa mchira wa Sungeni, anamupatsa mtedza utatu wabwinobwino, n'kumuperekeza mpaka pachipata cha sukulu yaikulu. Anaima pomwepo mpaka anaona ndi maso ake dzina likulembedwa m'buku. Sungeni atatembenuka kuti atsanzike, anaona amake akumanga nsalu m'chiuno ngati wa paulendo. Paphewa panali tsache. M'manja munali chigoba chija, chotoledwa kudzala, chokulungidwa m'tsamba la nthochi.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kutsidya. Mtedza uli m'nkhokwe, ndibwera mkuja."

"Kukatani?"

"Ndamva kuti sukulu ya kumeneko ikusowa wosesa."

Nthano yathera pachipatapo.